Chidulo m'thanki ya adadi

Kwa nthawi yaitali ndithu, pabalaza pathu ku Area 47 panali thanki ya galasi yodzaza madzi koma yopanda nsomba. Miyala inalimo, mchenga unalimo, kamakina kosefa madzi kankangolira tsiku lonse, koma nsomba ng'o. Mlendo akalowa ankayamba wapereka moni kwa adadi, kenako n'kuwerama pagalasi paja kusuzumira. Azimayi a kumpingo ndiye ankandimaliza. Wina anachita kugogoda galasi ndi chikhadabo.

"Zabisala pati, mwana iwe?"

"Sizinabwere, amayi."

"Nanga chakudya ukuwazamochi n'cha ndani?"

"Cha mabakiteriya."

Eee, kuseka kwake! Mpaka wina anapukuta misozi ndi chitenje. Amvekere, "Ana a masiku ano mafoni awapengetsa, akuweta madzi." Ine sindinkakwiya, chifukwa kunena zoona ndinkawetadi madzi.

Nkhani yake inayamba ndi matenda a adadi. Chaka chimenecho anadwala sitiroko. Munthu woti ankadzuka m'mawa n'kumanga tayi wa ku ofesi ku City Centre, munthu wolongolola woti akaimirira pachinkhoswe anthu ankayamba kufuna pokhala pabwino, anabwera kuchokera kuchipatala dzanja lamanja litagwa, mwendo ukukoka, mawu akutuluka limodzilimodzi ngati akuchita kuwakumba pansi. Ankangokhala pampando wawo kuyang'ana khoma. Tivi ayi. Wailesi ayi. Ndikawaonetsa timavidiyo toseketsa ta pafoni, ankayang'ana ine m'malo moyang'ana foniyo, ine mpaka manyazi. Pakhomo tinalipo atatu basi, iwo, amayi ndi ine. Ndinali nditamaliza Folomu 4, ndikungodikira zotsatira za mayeso, ndiye nthawi ndinali nayo yambiri ndipo yonse inkathera pafoni.

Adadi anali ndi mnzawo wa kalekale, wa kusukulu, amene ine ndinkangowatchula kuti ankolo a ku 43. Kunyumba kwawo ku Area 43 kunali chithanki chachikulu chomangidwira m'khoma, chodzaza mbuna, tinsomba ta kunyanja tokhala m'miyala tija, tina tabuluu, tina tachikasu, tina tamizeremizere. Adadi asanadwale ankapitako Loweruka lililonse, ndipo pobwera ankakamba za nsombazo ngati akukamba za anthu. Ndiye tsiku lina ankolo anabwera kudzawaona, n'kunena kuti nyumba agulitsa, akupita kukakhala ndi ana awo kunja, anyamuka mvula isanathe. Wogula nyumbayo akufuna kugumula khomalo. Nsomba azipereka kwa mkulu wina wa malo ogona alendo.

Amayi anali akuwamwetsa adadi phala. Tinangomva, "Ayi."

Tonse tinatembenukira kwa adadi.

"Nsomba... undipatse... ine."

Abale, chibwerereni kuchipatala munthuyu anali asanapemphepo kanthu. Ngakhale madzi akumwa tinkachita kuwafunsa. Amayi anaimitsa supuni m'malere. Ankolo anaseka mokweza kubisa zomwe zinali m'maso mwawo, amvekere, "Iwe mdala, kudwala konseku dyera silinakuthere? Tenga zonse. Koma upeze pozisunga ndisanakwere ndege, apo ayi zipita."

Thanki anatipangira bambo wina wachisilamu wodula magalasi a mawindo ku Old Town. Anayang'ana chithunzi pafoni yanga, n'kugwedeza mutu, amvekere, "Nyumba ya nsomba sindinamangepo, mwanangu, koma galasi ndi galasi." Anaimanga bwino, mpaka lero siinadonthepo. Ine m'mutu mwanga nkhani inali yatha: thira madzi, katenge nsomba, basi. Mwamwayi tsiku lomwelo ndinalowa pa intaneti kufufuza chakudya cha mbuna, ndipo ndinakathera kwina.

Ndiyesere kufotokoza mmene ndinawafotokozera amayi, ngakhale iwo ankandimvera akusenda mbatata. Nsomba imachita zonse m'madzi momwe ikukhalamo. Zonyansa zakezo zimasanduka amoniya, ndipo amoniya ndi poizoni. Kunyanja zilibe kanthu, madzi ndi ambiri. M'galasi poizoniyo alibe kolowera. Ndiye pali tizilombo tosaoneka ndi maso, mabakiteriya abwino, amene amamera pasiponji ya m'kamakina kosefa madzi kaja, fyuluta, ndi pamiyala. Gulu loyamba limadya amoniya n'kutulutsa naitiraiti, amenenso ndi poizoni. Gulu lachiwiri limadya naitiraitiyo n'kutulutsa zina zosavuta kwenikweni. Koma anyamata amenewa amachulukana mwaulesi, masabata ndi masabata. Ukaika nsomba iwo asanakwane, umadzuka n'kupeza zili chagada. Ndiye umayamba waweta mabakiteriyawo m'thanki yopanda nsomba, kumawaza kachakudya kuti kawole kawapatse amoniya. A pa intaneti amati kusaikila thanki.

"Ndiye ukuti tizilombo toyambitsa matenda tikhale pabalaza panga, pafupi ndi munthu wodwala?" anatero amayi.

"Awa ndi abwino, amayi."

"Uwadziwa bwanji poti suwaona?"

Funso limenelo linali lolemera. Yankho lake ndinakalipeza m'sitolo ina ya zakudya za agalu ku Old Town: kabokosi ka timabotolo toyezera madzi. Umatunga madzi pang'ono m'kagalasi konga chala, n'kudonthezamo mankhwala, n'kukhutchumula, madziwo n'kusintha mtundu. Amoniya akakhalamo amabiriwira. Naitiraiti akakhalamo amachita mtundu wa pepo. Panalinso kena koyezera pH, ndiko kuti madzi apendekera mbali ya asidi kapena mbali ya soda. Pakati ndi 7. Madzi athu a pampopi ankakwera pang'ono pamwamba pa 7, kabuluu kabwinobwino, ndipo ine kabotolo kameneko sindinkakalabadira.

Poyamba zinkayenda bho. Amoniya anakwera, kenako n'kuyamba kutsika. Tsiku limene pepo anaoneka koyamba ndinakuwa ngati ndawina mpikisano, amayi n'kuthamanga kuchokera kukhitchini poganiza kuti adadi agwa. Ndipo chinthu china chinayamba chimene sindinachikonze. Ndikamayeza, adadi ankatambasula dzanja lamanzere, labwino lija. Ndinkawapatsa kagalasiko, iwo n'kukhutchumula pang'onopang'ono, n'kukakweza kuwindo, n'kutsinzina diso limodzi ngati dokotala. Akaona kuti mtundu wasintha kusiyana ndi dzulo, mbali imodzi ya pakamwa pawo inkakwera. Mpando wawo tinautembenuza, unasiya kuyang'ana khoma.

Kenako mvula inakhazikika. Ine chifukwa chofulumira ndinali nditawaza chakudya chambiri, madzi n'kuyamba kununkha, ndiye panafunika kuchotsako ambiri n'kuthira atsopano. Vuto la madzi a pampopi ndi klorini, amapha mabakiteriya. Pali timadontho tochotsa kloriniyo, koma kabotolo kanga kanali katatha. Amayi anandipeza ndikukagwedeza mozondotsa.

"Ukuvutikiranji? Madilamu ali kuseriku adzaza mpaka kusefukira."

Amayi anga ndi madzi a mvula ndi chinthu chimodzi. Anakulira kumudzi cha ku Mitundu, ndipo ngakhale akhala m'tauni zaka zonsezi, mvula ikangogunda amathamanga ndi zidebe kukatchera pansi pa malata. Amati madzi amenewo sopo amachita thovu msanga, nsalu zimafewa, ndipo palibe dzanja la munthu lathiramo kanthu. Ndinafunsa foni mwachangu kuti kodi madzi a mvula ali ndi klorini. Inati ayi. Sindinawerenge mzere wachiwiri. Tinatunga limodzi, ine ndi amayi, tikuseka, iwo akunyadira kuti madilamu awo amene ndimawanena kuti akuipitsa pakhomo lero agwira ntchito.

Patapita masiku angapo zinthu zinaima. Amoniya amene ankatha msangamsanga anangokhala pomwepo, wobiriwira lero, wobiriwira mawa. Pepo nayenso osasuntha. Adadi akakweza kagalasi kuwindo ankandiyang'ana ngati akufunsa. Ndinayeza chilichonse, pomaliza n'kukumbukira kabotolo ka pH kaja. Chikasu! Pansi penipeni pa pepala la mitundu lomwe linabwera m'kabokosi kaja, pa 6, mwinanso kutsikirapo, chifukwa pepalalo limathera pomwepo.

Ndinali nditalowa m'gulupu ina ya pafoni ya anthu oweta nsomba za m'magalasi, ambiri akunja, ena a konkuno. Ndinaponyamo zithunzi ndi chingerezi changa chothyokathyoka, anthu n'kundithandiza. Zimene ndinatolapo ndi izi. Mabakiteriyawa akamadya amoniya amatulutsa asidi pang'onopang'ono. Madzi a pampopi kapena a pachitsime amakhala ndi timchere ta m'miyala tomwe timameza asidiyo, pH osagwa. Madzi a mvula alibe kalikonse, ndi opanda msana, kaasidi kochepa kamawagwetsa. Ndipo pH ikatsika chonchi mabakiteriya amanyanyala ntchito. Safa pompo, koma sadya, saswana, amangokhala. Ine ndinali nditawalanda chowateteza n'kuwasiya akudzithira asidi okha.

Munthu wina m'gulupumo analemba kuti ndithire soda wophikira, koma pang'ono kwambiri, kansonga ka kasupuni, ndiyeze, ndidikire tsiku, ndithirenso. Ndinawerenga mokweza ndili pakhomo la khitchini, mwa chizolowezi changa cholankhula ndi foni.

"Soda?" anatero amayi. "Wa therere yemweyu?"

"Yemweyo! Alipo?"

Anatsegula kabati, kapaketi kanali kopanda kanthu. Ndinati palibe vuto, ndithamangira ku Old Town, ndikagulenso timadontho ta klorini tija. Za kansonga ka kasupuni sindikukumbuka ngati ndinazitchula mokweza. Mwina ndinazitchula ndili kale pageti.

Mukudziwa mmene Old Town imakhalira kukagwa mvula. Minibasi kudikira kuti idzaze, matope, ndiye ndinakumananso ndi mnzanga wa kusukulu n'kuyamba kucheza pakhonde la sitolo. Ndinafika kunyumba dzuwa litapendeka. Nditangolowa pabalaza ndinamva kafungo ka phulusa lonyowa. Madzi a m'thanki anali achita mbuu, ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka wosungunula. Amayi anali chilili pambali, manja m'chiuno, nkhope ikuwala.

"Ndakuthandiza ntchito yako ija. Soda wa m'sitolo ndi wofooka, ndakuchezera chidulo chenicheni."

Kwa amene anakulira m'tauni ngati ine: chidulo ndi soda wa kumudzi. Amawotcha zitsononkho kapena makoko a nthochi, phulusalo n'kuliika m'chitini chobowolabowola pansi, n'kuthira madzi pamwamba, madziwo n'kumadontha m'mbale. Madzi amenewo ndi amene amafewetsa therere ndi masamba olimba. Amayi anali atasunga zitsononkho za chimanga cha kuseri kwa nyumba, anaziwotcha pambaula, kusefa bwinobwino ndi kansalu koyera kuti phulusa lisalowe. Anagwira ntchito masana onse.

"Mwathira chochuluka bwanji?"

"Kapu yaikulu ija. Ndinaona kuti madziwa ndi ambiri, ndiye ndinawonjezera ina."

Pompo ndinayeza pH. Kagalasi kanachita mtundu woti papepala palibe. Ndinatenga kabotolo kena koyezera pH yokwera, nakonso kanathamangira kumapeto. Kuchoka pansi penipeni kufika pamwamba penipeni, masana amodzi.

Pakamwa panga pamathamanga kuposa mutu, aliyense amadziwa. Ndinayamba. Ndinati amayi mwapha chilichonse, ndinati iyi si ndiwo, ndinati bwanji osandiimbira foni, ndinati zinthu zomwe simukuzidziwa muzizisiya. Iwo poyamba anabweza.

"Iwe, usandilankhule ngati ndine mnzako wa pafoni. Unati soda. Chidulo si soda? Mtsikana wamkulu ngati iwe sudziwa n'komwe kucheza chidulo, lero ukandiphunzitse ine?"

"Kansonga ka supuni, amayi! Kansonga! Inu mwathira makapu!"

"Unanena liti za kansonga?"

Pamenepo adadi anamenya mkono wa mpando ndi dzanja lamanzere. Tinatembenuka. Ankafuna kunena kanthu, milomo ikugwedera, mawu osatuluka. Analozera thanki, n'kulozera ine, n'kulozera amayi, kenako dzanja linagwera pamwendo. Amayi anatola kapu yawo n'kutuluka.

Ndiye mwa mantha ndinachita chinthu choti ndikanafunsa kaye. Ndinachotsa madzi ambiri kuti chidulo chichepe. Pampopi tsiku limenelo panali phee, madzi okhawo amene analipo anali a m'madilamu. Ndinathira a mvula omwewo. pH inatsika, ine mtima pansi. Masiku otsatira inapitiriza kutsetsereka mpaka kuyandikiranso chikasu. Pansi, pamwamba, pansi. A m'gulupu nditawafotokozera, wina anangotumiza kachithunzi ka munthu wagwira kumutu. Mayi wina wachikulire, amene ankandiyankha modekha nthawi zonse, analemba kuti mabakiteriya amatha kuzolowera madzi osiyanasiyana ngati asintha pang'onopang'ono, chimene chimawapweteka kwambiri ndi kudumphadumpha. Anatinso ndithokoze kuti munalibe nsomba, chifukwa pH ikakwera chonchija amoniya amalusa kwambiri, zikanatha zonse tsiku lomwelo. Za mabakiteriya anga anati ena afa, ena akomoka, palibe angadziwe, ndingoyamba kuwasamala ngati ndikuyamba kumene.

Kuyamba kumene! Ankolo anali atayamba kale kulongedza. Ankaimba foni kufunsa, ine n'kumangoti zikuyenda, ankolo.

M'nyumba munazizira. Amayi akamadutsa pabalaza ankalambalala thanki ngati ili ndi minga. Adadi ndikawapatsa kagalasi ankalandira, kukhutchumula, koma osakakweza kuwindo. Ankadziwa. Munthu akasiya kulankhula anthu amayesa wasiyanso kumva, koma adadi ankamva chilichonse.

Masana ena ndinawapeza amayi kuseri akuchapa zofunda za adadi m'beseni. Ndinakhala pachidebe chovundikira n'kuyamba kuwathandiza kufinya. Tinafinya chofunda chimodzi, iwo uko ine uku. Kenako anayamba okha kulankhula, maso ali m'beseni.

"Ukudziwa, chilichonse chimene ndimawachitira abambo akowa n'chowachititsa manyazi. Kuwasambitsa. Kuwaveka. Kuwaperekeza kuchimbudzi. Ndikamalowa ndi beseni amayang'ana kumbali. Iwe ukamabwera ndi timabotolo takoto, nkhope imamasuka. Ndiye ndinati nanenso ndiikepo dzanja pa chinthu chimene amasekerera."

Ndinasiya kufinya. Ndinangoti, "Pepani amayi, ndinalankhula udyo."

"Unalankhuladi udyo. Gwira uko, ukundinyowetsa."

Tinagwirizana zinthu ziwiri pomwepo. Choyamba, madzi akhale amtundu umodzi basi, a pampopi, othira timadontho, osungidwa m'dilamu imodzi kuti pampopi pakauma tisagwirenso a mvula. Amayi anakhuthula okha dilamu yawo imodzi, madzi a mvula onse aja kuthirira maluwa, akudandaula chapansipansi. Chachiwiri chinali chopatsa madziwo msana. A m'gulupu ankanena za miyala ya m'nyanja yamchere yophwanyaphwanya, yomwe kuno sindikanaipeza. Mayi wodekha uja anati zigoba zilizonse zimagwira, chifukwa zimasungunuka pang'onopang'ono, makamaka madzi akayamba kupendekera ku asidi, ndiye sizidumphitsa kanthu. Nditawauza amayi, anafunsa kawiri.

"Wati pang'onopang'ono? Zokha? Sizifuna muyeso?"

"Sizifuna."

"Chabwino. Chifukwa za muyeso ndi zimene zinatiyambanitsa."

Nyengo ya mvula ku 47 zigoba za nkhono zimangoti mbwee m'mphepete mwa mipanda. Amayi anatola zopanda eni ake, kuziwiritsa, kuzitsuka, kuziphwanya mumtondo osazisinja kwambiri, n'kuzisokera m'kathumba ka neti yakale. Tinakaika mufyuluta. Sizinachite zodabwitsa tsiku limodzi. pH inakwera ngati nkhalamba pachitunda, n'kukafika pabuluu, n'kukhala pomwepo. M'mawa buluu, madzulo buluu. Mbunanso zimakonda madzi otero. Amayi anayamba kuyeza okha pH ine ndisanadzuke, ndikamatuluka kuchipinda n'kumva, "Ili pomwe paja," ngati akunena za mwana amene wagona bwino.

Ndinawauzanso ankolo zoona. Anaseka mpaka kutsokomola atamva za chidulo, amvekere, "Alamu, mumafuna mudyere nsomba zanga therere?" Amayi anati, "Alamu, musandiyambe." Mawa lake anabwera pagalimoto ndi siponji ya mufyuluta yawo ili m'ndowa ya madzi a m'thanki mwawo, chifukwa ndinawerenga kuti siponji yakale imabwera ndi mabakiteriya ake. Inali yakuda, yoterera, yonunkha dambo. Ndinaona zala za amayi zikuyabwa.

"Ingotsukuluzako pang'ono."

"Amayi!"

"Ndangonena."

Zinayamba kuyenda. Wobiriwira uja anayamba kufooka, pepo n'kumachepa. Adadi anayambanso kukweza kagalasi kuwindo. Koma nthawi inali itatithera. Sabata yomwe ankolo ankanyamuka, amoniya ankatha koma mochedwa, ndipo pepo anali akadalipo kapang'ono. Ndinafunsa m'gulupu ngati ndingatenge nsomba zonse. Onse anakana. Anati mabakiteriya anga akadali ochepa, sangakwanitse zonyansa za gulu lonselo, ndikaumirira zifa zonse. Ndingotenga zochepa, zazing'ono, ndizizidyetsa pang'ono ndi kusintha madzi pafupipafupi.

Kuwauza adadi kunali kovuta kuposa kupepesa kwa amayi. Ndinagwada pafupi ndi mpando wawo n'kufotokoza zonse, mwina mofulumira kwambiri. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Zonse... ayi?"

"Zonse ayi, adadi. Zingafe."

Anatseka maso. Atatsegula anati, "Ndikasankhe."

Ankolo anadzatitenga. Aka kanali koyamba adadi kutuluka pageti osapita kuchipatala. Amayi anawaveka jekete. Nyumba ya ku 43 inali makatoni okhaokha, makatani atachotsedwa, mawu akumveka ngati m'tchalitchi chopanda anthu. Thanki yokha ndi imene inali ikadali moyo m'khoma muja. Tinawaikira adadi mpando patsogolo pake. Panali chimbuna china chachikulu chabuluu, bwana wa thankiyo, chimene adadi anachiloza poyamba. Ndinati chimenecho n'chachikulu, chimadya kwambiri, ndiponso chimamenya zinzake. Anachiyang'anabe, kenako chala chinasuntha. Analoza kachikasu. Analoza kena kamizere. Ankolo ali ndi kaukonde m'manja, malaya atanyowa mpaka m'mapewa, akuthamangitsa nsomba m'miyala.

"Mdala, loza zopusa, izi zochenjerazi zindithyola msana!"

"Iyo... ayi. Iyo."

"Zikufanana izi!"

"Sizi... fanana."

Tinatenga zochepa m'ndowa. Zotsalazo mkulu wa malo ogona alendo uja anadzatenga mawa lake. Potsanzikana, ankolo anawerama n'kugwira dzanja lodwala lija, osati labwino, n'kuligwira nthawi yaitali. Palibe ananena za kuonananso. M'galimoto pobwerera ndowa inali pakati pa miyendo yanga, madzi akukhavukira pa siketi.

Masiku oyambawo ndinkayeza ngati wamisala. Nsomba zinabisala m'miyala, kenako zinayamba kutuluka, kukumba mchenga, kuthamangitsana. Pepo anaonekako pang'ono, tinasintha madzi ndi a m'dilamu ija, anachoka. pH sinasunthe. Koma m'mawa wina kamodzi kamizere, kakang'ono kwambiri, tinakapeza katagona pamchenga. Sindikudziwa ngati anali madzi, kapena ulendo, kapena zinzake zinakamenya. Amayi ndi amene anakaona poyamba, adadi asanatuluke kuchipinda. Anakavuula msangamsanga n'kukakwirira kumaluwa, n'kundiuza kuti nditseke pakamwa, munthu wodwala safunika nkhani zoipa m'mawa.

Tinawakhazika adadi pampando. Ine ndinathawira kukhitchini chifukwa nkhope yanga siisunga chinsinsi. Patapita kanthawi ndinamva mawu pabalaza, okwera, a adadi. Kenako a amayi. Kenako a adadi kachiwiri, aatali. Ndinatseka mpopi kuti ndimve bwino koma amayi anali atafika kale pakhomo la khitchini, mbale ya phala ikadali yodzaza m'manja.

"Azindikira," anatero. "Akuti ndinawabisira. Akuti iwo si mwana, nsomba ndi zawo, ikafa ndiziwauza aione okha. Akuti ndisadzabwerezenso."

"Anena zonsezo?"

"Zonsezo. Mpaka kundiloza chala." Anaika mbale patebulo, n'kupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, akuseka. "Ndiye akuti phalali lazizira, ndikatenthetse. Tandipatsa poto uyo."